Ubatizo wa Tadala ndi Rota ya Pasaka

Ndikukumbukira chaka chimene nkhondo ya Akatolika ndi Apulotesitanti, imene eni ake azungu anaitopa nayo kalekale, inadzayambiranso m'khitchini mwathu ku Highfields, mumzinda wa Leicester. Munali mu 2017. Ine ndinali ndi zaka 16, ndipo mng'ono wanga Tadala anali wa miyezi yochepa chabe, kamwana ka masaya ofufuma kosadziwa kuti akuluakulu akulimbirana pachipumi pake.

Nyumba yathu inali imodzi mwa zija zogundanagundana, zoti mnansi akatsokomola kuseri kwa khoma iwe umafuna kunena kuti pepani. Chitseko chakumaso chinkatsegukira m'chipinda chochezera momwemo, moti wolowa ankayamba wapereka moni kwa sofa asanaone mwini nyumba. Kumbuyo kunali kabwalo koyanikapo zovala zimene sizinkauma, ndi kanjira kopapatiza kotulutsira mabini. Madzulo msewu wonse unkanunkhira anyezi wokazinga ndi tsabola wa anansi athu, ndipo njala inkakupeza ngakhale utangodya kumene.

Amami ndi namwino, Mkatolika wa ku Dedza, wa mtundu uja woti kolona imakhala m'thumba limodzi ndi makiyi. Adadi nthawi imeneyo ankasamalira okalamba kunyumba ina yosungirako nkhalamba. Iwo ndi a ku Dowa, mkulu wa mpingo wachipresibeteriya, munthu woti ukangong'ung'udza nyimbo amakuuza nambala yake ya m'buku. Pokwatirana aliyense anakana kusiya mpingo wake, ndipo achibale mbali zonse anati banjalo silifika chilimwe. Ine ndinabatizidwa kwa adadi, chifukwa ndinabadwira ku Dowa pakati pa azakhali anga, ndipo amami, ali mtengwa wachilendo, analibe pakamwa. Nkhaniyo anaimeza. Koma chimene mayi wa Chingoni wameza musaganize kuti chagayika.

Titabwera kuno, ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mtendere wa m'nyumba unkasungidwa ndi ntchito. Wina akamalowa wina ankatuluka, n'kumakumana pakhomo ngati alonda osinthana. Kukangana kumafuna nthawi, ndipo makolo anga analibe. Ine Lamlungu ndinkangotsatira amene ali pakhomo, osadziwa kuti mchitidwe umenewo uli ndi dzina la Chilatini.

Tadala atabadwa, amami ananena mofatsa, akupinda matewera, kuti uyu ndi wawo. Adadi anayankha mofatsanso, akumanga nsapato, kuti ana a mimba imodzi sapembedza kosiyana. Agogo a ku Dedza anatumiza kadiresi koyera ka ubatizo kudzera mwa munthu wina wobwera kuno, ndipo amami anakapachika pachitseko cha wodirobu kuti aliyense wodzuka azikaona. Nkhani ikanatha kumangofuka chamumtima choncho zikanapanda sukulu yanga.

Chaka chimenecho ndinasankha phunziro la mbiri yakale, ndipo tinkaphunzira za ku Ulaya kuyambira nthawi ya Renesansi, pamene anthu anafukula nzeru za Agiriki ndi Aroma n'kuyamba kujambula anthu okhala ndi minofu m'malo mwa oyera mtima ouma ngati nsomba. Mphunzitsi wathu anali Mayi Kotecha, mmwenye wamfupi wa mawu aakulu. Makolo awo anachokera ku Limbe, choncho Chichewa chawo chinali "zikomo", "bwera kuno" ndi "iwe", ndipo zonse zitatu ankazigwiritsa ntchito pa ine ndekha. Atafika pa Refomeshoni, kugawanika kwa mpingo wa ku Ulaya, anzanga ankayasamula. Ine ndinakhala tcheru, chifukwa ndinazindikira kuti mayiyu akufotokoza za kwathu.

Amami anali ndi lamulo loti Chingerezi chimathera pachitseko cha khitchini. Tsono tsiku lina, ndikutsuka mabotolo a mwana, ndinkaloweza phunziro mokweza m'Chichewa changa. Ndinati kale kunali indalujensi, chikalata chimene munthu ankagula kuti chilango cha machimo chichepe, ngakhale cha wachibale amene ali kale ku Puligatoliyo. Ndinati mmonke wina wa ku Jeremani zinamunyansa, nalemba mfundo 95 zotsutsa, ndipo amati anakazikhoma pachitseko cha tchalitchi. Kumbuyo kwanga supuni inasiya kulira m'kapu. Adadi, amene ndinkayesa kuti akusinza, anati, "Tiyamike, tabwereza pang'ono pamenepo. Zingati?"

Mwezi womwewo mpingo wa adadi unkakondwerera kuti papita zaka 500 chichitikire zimenezo, choncho munthu anali wofunda kale. Amami atafika, asanavule n'komwe jekete, analandiridwa ndi funso loti kodi tikiti ya ku Puligatoliyo masiku ano ikupita pa bwanji. Anadya, anayamwitsa mwana, kenako anabwera kuchipinda kwanga n'kutseka chitseko. "Buku lakolo," anatero, "za iwowo silinena kanthu?" Ndinawauza za mfumu ya dziko lino imene inachotsa ufumu wonse m'manja mwa Papa chifukwa anaikaniza kusiya mkazi, ndipo pomwalira inali itakwatirapo akazi asanu ndi mmodzi, awiri itawadula mitu. Nkhope ya amami inawala ngati alandira uthenga wa ukwati. M'mawa mwake ndinamva akufunsa mwaulemu wonse, "APhiri, inu mwafika pa wachingati?" Adadi anayesa kufotokoza kuti mfumu imeneyo si ya mpingo wawo, kuti iwo mizu yawo ili ku Geneva ndi ku Scotland, koma amami anati onsewo ndi ana a nkhuku imodzi.

Apa ndi pamene ndinasanduka munthu wofunika. Adadi anayamba kudzera ku Belgrave Road pochokera kuntchito, ngakhale si njira yawo, n'kundibweretsera bajiya wotentha m'kapepala konyowa ndi mafuta, ndipo ine ndinkawapatsa nkhani ya bwalo loweruza ampatuko la Akatolika ku Spain. Amami ankandikhululukira mbale, ine n'kuwapatsa Kaunta-Refomeshoni, mmene Akatolika anadzikonzera okha n'kubweza mayiko ena, ndiponso mmene a ku Geneva anawotchera munthu chifukwa chotsutsana nawo. Palibe chaka chimene ndinawerengapo mwakhama ngati chimenecho. Mayi Kotecha ankadabwa mwana wofunsa mafunso a mutu umene sitinafike. Anatiphunzitsa kuti makina osindikizira mabuku ndiwo anafalitsa mkangano wa mmonke uja mofulumira, ndipo kwathu ntchito imeneyo inkagwiridwa ndi foni. Chimene ndanena m'khitchini m'mawa, madzulo chinali chitafika ku Dedza ndi ku Dowa, n'kubwerako chitanenepa, m'mavoisi aatali a agogo onse awiri.

Poyamba zinali zoseketsa, ndipo iwonso ankaseka. Sindikudziwa tsiku limene kuseka kunatha. Ndikungokumbukira kuti chikondwerero cha amwenye cha Diwali chinadutsa, magetsi ake a ku Belgrave anazima, Khirisimasi tinadya mwakachetechete, ndipo pofika Januwale makolo anga anali atasiya kuponyerana Chichewa n'kuyamba chinthu choipa kuposa pamenepo, kukhala chete. Ankapatsirana mwana pakhomo ngati phukusi. Wina akafuna kudziwa ngati mkaka ulipo ankafunsa ine, mnzake ali pomwepo. Usiku wina ndinamva adadi akukoka bulangeti kutsika nalo masitepe kukagona pa sofa. Ndinali ndi mnzanga kusukulu amene makolo ake anayamba choncho, ndipo tsopano ankayenda ndi chikwama cha zovala pakati pa nyumba ziwiri. Ndinachita mantha kwambiri. Bajiya anasiya kukoma, ndipo kadiresi koyera kaja, amami akakayerekeza pathupi la Tadala, kankaoneka kuti kayamba kubwerera m'mbuyo.

Ndiye Mayi Kotecha anafika pa Mtendere wa ku Augsburg. Analemba pabolodi mawu anayi a Chilatini, cuius regio, eius religio, n'kumasulira kuti mwini dziko ndiye mwini chipembedzo. Akalonga a ku Jeremani atatopa ndi kuphana anagwirizana kuti aliyense m'dera lake asankhe, ndipo anthu ake amutsatire. Ndinatsala pang'ono kuimirira m'kalasi. Ndinakwera basi kubwerera kunyumba, ndipo pa nthawi yosinthana ija, amami akumanga sikafu, adadi akumasula yawo, ndinaima pachitseko n'kutambasula manja.

Ndinati nyumba ino ndi dziko, ndipo mwini dziko ndi amene ali ofu, wosapita kuntchito, tsikulo. Mipingo yonse iwiri inali ndi ubatizo pa Pasaka, ndipo rota ya Pasaka, ndandanda ya masiku ogwira ntchito, inali isanatuluke kuntchito kwa onse awiri. Choncho amene rota imupatse Lamlungu la Pasaka, mwanayo apite kwake, winayo asatsegule pakamwa. Ndinkadikira kuti andiuze kuti nkhani za akuluakulu sizindikhudza, koma anthu anali atatopa. Adadi anakanda chibwano. Mpingo wawo umaphunzitsa kuti Mulungu anakonzeratu zonse dziko lisanalengedwe, chimene m'buku mwathu chinkatchedwa pridesitineshoni, choncho anati ngati zinalembedwa kumwamba ndiye kuti ndi pa rota pomwe zidzaoneka. Amami anangoti, "Chabwino," koma ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba la makiyi. Umo ndi mmene mzimu wa mng'ono wanga unaperekedwera m'manja mwa mamanijala awiri achizungu amene mpaka lero sadziwa.

Mtendere unabwera ndithu, wa milungu ingapo. Bulangeti linabwerera kumwamba. Ine ndinkayenda mumsewu ngati kazembe, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mayiko amavutika chifukwa chosafunsa atsikana a zaka 16.

Marota atatuluka, onse awiri anaikidwa pantchito tsiku la Pasaka. Mwa chilungamo nkhani ikanathera pomwepo, kudikira chaka china. Koma tsiku lotsatira ndinapeza adadi kubwalo lakumbuyo, pakati pa mabini, akunong'oneza foni. Ankalankhula ndi mnzawo wa ku Zambia, ndipo poti foni yawo inali yokuwa ndinamva yankho lonse. "Mudala, palibe vuto, nizakugwilila Sande. Koma manaiti yanga ya wiki ija ni yako, na ya pa Satade yamene." Adadi anavomera osatsutsa n'komwe mtengo. Atatembenuka n'kundiona, ndinawafunsa kuti nanga zija zinalembedwa kale kumwamba zili pati. Anandiyang'ana nkhope ili gwaa, n'kunena kuti kuswopa nakonso kunalembedwa.

Amami kwa ine sanabise n'komwe. Mpingo wawo umaphunzitsa kuti chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa, choncho anachita novena, pemphero la masiku asanu ndi anayi, mbali ino, mbali inayo akuimbira foni namwino aliyense wa mu wodi mwawo. Anapeza wina wovomera, koma anawalipiritsa mashifiti aatali otsatizana sabata yonse yoyera, kuyambira mdima wa m'mawa mpaka mdima wa madzulo. Aliyense anakalembetsa ubatizo kumpingo kwawo. Abambo mfumu anauzidwa kuti Tadala akubwera ku Misa ya m'mawa. Abusa, amene ankachokera ku Nottingham kudzatumikira kagulu ka adadi mu holo yobwereka, anauzidwa kuti Tadala akubwera ku mapemphero a masana, poti holoyo m'mawa inkakhala ndi eni ake. Aliyense ankayenda m'nyumba akuimba kanyimbo ka kwawo chapansipansi. Ine ndekha ndi amene ndinkadziwa kuti dziko limodzi latsala pang'ono kukhala ndi akalonga awiri.

Ndinapita kwa Mayi Kotecha, osatchula maina, n'kufunsa kuti pangano la ku Augsburg linkati chiyani eni dziko akakhala awiri. Anaseka n'kunena kuti panganolo linali ndi mabowo ambiri, ndipo pamapeto pake kunabuka nkhondo imene inatenga zaka makumi atatu. Ndinawerengera chamumtima kuti ikadzatha ya kwathu ndidzakhala ndi imvi, ndipo Tadala adzakhala mayi wa ana ake, wosabatizidwabe. "Iwe," anatero Mayi Kotecha m'Chichewa chawo chija, poona kuti ndangoti kakasi. Ndinati zikomo n'kutuluka.

M'mawa wa Pasaka kunkazizira, kumwamba kuli kotuwa ngati madzi otsukira mpunga. Adadi anafika kuchokera ku naiti yawo yomaliza maso ali psuu, n'kupeza amami atatchena kale chitenje cha Pasaka ndi duku lake. Amami anayang'ana adadi, amene sankayenera kukhala ofu. Adadi anayang'ana amami, amene sankayenera kukhala pakhomo. Palibe anafunsa mnzake. Adadi anakwera kumwamba, anasamba, n'kutsika atavala suti yakuda ya Mgonero, ngakhale mapemphero awo anali kutali masana. Anakhala pa sofa mbali yoyandikira chitseko. Iwo ntchito yawo inali yochepa, kungoonetsetsa kuti ngolo ya mwana isatuluke mpaka Misa ithe. Amami anakhala mbali inayo, chikwama pamiyendo, msana uli njo.

"APhiri, mundipatse njira."

"Njira ilipo, Nangozo. Inu pitani. Mwanayu ali m'dziko langa."

"Dziko lanu liti? Renti timalipira tonse."

Kenako onse awiri anatembenukira kwa ine, mwini pangano, ndipo amami anati ndikamuveke mwana, tione. Ndinakwera masitepe. Ndinamusambitsa Tadala pang'onopang'ono, ndinamudzoza mafuta mpaka anayamba kuterera, kenako tinayamba kulimbana ndi kadiresi. Mutu unalowa movutikira. Manja analowa atakwinyika. Mabatani akumbuyo anakana kwamtuwagalu, ndipo ndinangowasiya, msana uli pamtunda. Iye ankaseka n'kumandikoka tsitsi, ine misozi ili m'maso, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikatsika wina apambana, ndipo wogonjayo sadzaiwala mpaka kumanda. Pansi kunali chete woopsa. Ndinamunyamula n'kutsika mwakachetechete kuti ndimve ngati ayamba.

Ndinawapeza ali m'tulo tofa nato. Adadi mutu unali utagwera kumbuyo, kukamwa kuli yasa, tayi itapotokera kumbali. Amami anali atatsetsereka kuchoka kumalire kwawo, mutu uli paphewa la adadi, duku litaphimba diso limodzi, chikwama chitagwa pansi. Wina ankaliza mkonono wokhuthala, wina woonda, mosinthana bwinobwino ngati kwaya yophunzitsidwa. Chibadwire Tadala ndinali ndisanawaonepo atakhala pampando umodzi.

Ndinaima pamenepo mwana ali m'manja, n'kuzindikira kuti ufumu wonse wagwera ine. Ndikanagwedeza amami nthawi yomweyo, tikanatulukira kumbuyo n'kuipeza Misa. Ndikanawasiya n'kudzadzutsa adadi masana, Tadala akanakhala wachipresibeteriya dzuwa lisanalowe. M'buku mwathu munali anthu ambiri amene anapatsidwa mphamvu zoterezi, ndipo ambiri a iwo anathera pa chipika chodulirapo mitu. Akuti mapanga awiri avumbwitsa, koma tsiku limenelo ine ndinasankha mvula. Ndinatola mafoni onse awiri, ndinawatsekera mawu, n'kukawakwirira m'thumba la mpunga. Ndinamuveka Tadala jekete pamwamba pa diresi lake, ndinamubereka kumbuyo ndi chitenje cha amami, n'kutulukira kanjira ka mabini.

Tinapita ku paki ya ku Spinney Hill. Kwa anansi athu linali Lamlungu wamba. Mabutchala anali otsegula, azibambo a mikanjo ankakambirana pakona, anyamata ankamenya kiriketi manja ali m'mathumba podikira mpira. Mayi wina wachisomali anandiyang'ana mmene ndaberekera mwana n'kumwetulira, ngati waona kwawo. Mabelu a tchalitchi analira chapatali, koma sindinabwerere. Ndinayenda mozungulira mpaka Tadala anagona, ndinagula samusa n'kudyera pabenchi yonyowa. Chakumasana tinabwerera kudzera kumbuyo komwe kuja. Ndinasuzumira, ndipo anali momwemo. Ndinatseka chitseko cha khitchini, ndinamupatsa mwana phala, n'kumamusewera naye pansi, ndikuyang'ana wotchi ya pa chitofu mpaka nthawi ya mapemphero a adadi inakwana, n'kudutsa, n'kutha.

Anadzuka dzuwa litapendeka. Ndinamva amami akufuula kuti "Mayi Mariya!", kenako phokoso la anthu awiri ofunafuna mafoni. Nditawalozera thumba, anawafukula mumpunga n'kupeza mipingo iwiri yakhala ikuwasaka tsiku lonse. Amake a ubatizo amene amami anawapempha anali atadikira pakhomo la tchalitchi ndi kandulo m'manja. Kwa adadi amayi a mpingo anali ataphika, ndipo abusa anachita kutalikitsa ulaliki podikira mkulu wa mpingo amene sanaoneke pa Pasaka. Manyazi anawagwira onse awiri mofanana, ndipo mkwiyo wawo unasowa kolowera mpaka unapeza ine. Anandiimika pakati pa khitchini. Amami akayamba chiganizo adadi ankachimaliza. Adadi akati mwana uyu, amami ankati wapulupudza. Ndinaweramitsa mutu monga mwa mwambo, koma mumtima ndinkavina, chifukwa kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinamva makolo anga akunena kuti "ife".

Ali pakati pondizazira, Tadala anakwawa kudutsa pakati pawo, msana uli pamtunda, diresi la ubatizo lili phala lokhalokha. Amami anayesa kudzigwira, koma kuseka kunatulukira m'mphuno. Adadi anatsatira. Anaseka mpaka anagwira sinki, ndipo madzulo amenewo tinadya mpunga wa mafoni uja tonse anayi pa tebulo limodzi.

Patapita masiku angapo adadi anatiitanitsa m'chipinda chochezera. Anaima kutsogolo kwa sofa, manja kumbuyo, n'kulengeza kuti iwo monga mutu wa banja, udindo umene anapatsidwa ndi Mulungu osati munthu, aganiza mozama ndipo alamula kuti Tadala akabatizidwe kwa amayi ake. Tinali titangophunzira kumene za mafumu amene ankati ufumu wawo ndi wochokera kumwamba ndipo palibe angawafunse, koma ndinaona kuti si nthawi yake yoonetsa maphunziro. Amami anayang'ana pansi, kenako anati, "Zikomo aPhiri," ndi mawu amene sindinawamvepo. Tadala anabatizidwa nyengo yofunda itayamba, atavala diresi logula m'tauni, ka agogo kaja atangokayala paphewa kuti chithunzi chopita ku Dedza chisadzutse nkhondo ina. Adadi anakhala kutsogolo, mawondo ali gwaa osagwada, koma mwanayo anamunyamula okha kupita naye pamadzi.

Zinthu zasintha tsopano. Tinasamuka ku Highfields, amami amagwira masana okhaokha, ndipo adadi ndi amene amalemba rota ya anzawo, moti akuti wofuna kuswopa Lamlungu samufunsa chifukwa. Kagulu ka mu holo kaja kanakula, ndipo ana ake ambiri akwatirana ndi a mipingo ina, ena a zipembedzo zina, popanda wina kugona pa sofa. Tadala amatumikira pa Misa, koma nyimbo za adadi amazidziwa ndi manambala, ndipo ukamulankhula Chichewa amayankha Chingerezi. Ndikamuuza kuti anthu anatsala pang'ono kusiyana chifukwa cha iye, amandiyang'ana ngati ndikunena za akalonga a ku Jeremani. Ine ndinapitiriza mbiri yakale mpaka ku yunivesite, ndipo kwa zaka zonsezi nkhaniyi ndakhala ndikuifotokoza monyadira, kuti mtendere wa kwathu ndinaubweretsa ndine, ndi thumba la mpunga.

Chaka chathachi ndinaifotokozanso pa tebulo, alendo akuseka, adadi akungomwetulira m'kapu. Alendo atapita, amami akutsazikana nawo panja, ndinatsala ndi adadi tikusonkhanitsa mbale. Osandiyang'ana anati, "Ukudziwa kuti ine ndinadzuka?" Ndinaima. Anati anadzuka masana, nthawi ikadalipo yambiri. Anamva mwana akuseka m'khitchini, anaona wotchi ya pakhoma, ndipo anadziwa kuti Misa yatha, basi ikadalipo, abusa akudikira, tsiku ndi lawo. Chimene chinkafunika chinali kungosuntha phewa.

Ndinawafunsa kuti nanga analekeranji. Anaika mbale pansi n'kusisita phewa lakumanzere ngati likadali ndi dzanzi.

"Amayi ako anali asanagonepo choncho chibadwire mwanayo," anatero. "Ndikanawadzutsa kuti ndiwauze chiyani? Kuti ndawina?"